Yankho kwa msuweni pa masewera a nthano ndi madayisi

Msuweni, uthenga wako ndinaumva m'mawa ndili m'basi, koma ndinati ndidikire ndifike kunyumba kuti ndiyankhe modekha. Wafunsa kuti ugule buku liti ndi madayisi angati kuti uyambe kusewera Dungeons & Dragons, ndiponso ngati ndingakutumizire zinthuzo kuchokera kuno ku Johannesburg. Ndiyankha, koma iwe ndimakudziwa kuyambira uli ndi kabudula wachigamba, ndipo ukafunsa mtengo wa chinthu, kawirikawiri chimene chikukusowetsa tulo si mtengowo. Unachitanso zomwezi chaka cha njinga chija, ndipo aliyense m'gulu lathu la pabanjali akukumbukira mmene zinathera.

Ndiyambe ndi inu amayi ndi azakhali, chifukwa ndikudziwa kuti mukumvetsera, ndipo mawu akuti madayisi akudetsani nkhawa kale. Si juga ayi. Palibe ndalama imene imaikidwa patebulo, ndipo palibe wopambana kapena wogonja. Anthu anayi kapena asanu amakhala pamodzi, mmodzi n'kumafotokoza dziko ndi zimene zikuchitikamo, ndipo otsalawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nkhaniyo n'kumanena chimene munthuyo achite. Masewerawa anawatulutsa Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974 ku America, kudzera m'kampani yaing'ono yotchedwa TSR ya ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin, ndipo lero ali m'manja mwa Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997. Wofotokoza nkhani uja amatchedwa Dungeon Master.

Dayisi imagwira ntchito pamene chinthu chikhoza kutheka kapena kukanika. Tinene kuti gulu lafika pamtsinje wodzaza, ndipo wina akuti munthu wake adumpha pamiyala mpaka tsidya. Wofotokoza nkhani amaganiza kuti zimenezi n'zovuta motani: chosavuta ndi 10, chapakatikati ndi 15, chovuta ndi 20. Wosewerayo amaponya dayisi ya mbali 20, n'kuwonjezera nambala ya luso imene yalembedwa papepala la munthu wake, ndipo ngati wofotokoza anati n'chapakatikati, zikakwana 15 wawoloka. Zikapanda kukwana, madzi amutenga, ndipo anzake ayenera kuganiza msanga mmene amuvuulire. Alipo madayisi ena a mbali 4, 6, 8, 10 ndi 12, koma mwini nkhani ndi wa mbali 20 ameneyu.

Dikira pang'ono, ndisanapitirire, chifukwa mtsinje umenewu wandikumbutsa amalume, bambo ako aang'ono aja. Kunali ku Nsipe... ayi, ndalakwitsa, kunali kwa agogo ku Bilira, chaka chimene nkhokwe inagwa. Tinkatong'ola chimanga pakhonde mwezi ukuwala, ndipo amalume ankayamba monga mwa nthawi zonse kuti "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse." Koma iwo sankakamba nthano ngati anthu ena. Akafika pamene Kalulu wayandikira chitsime chimene Fisi akulondera, ankaleka, n'kuloza mwana mmodzi ndi chitsononkho, n'kufunsa kuti iweyo ukanatani. Mwanayo akanena nzeru yake, amalume ankatenga njere imodzi ya chimanga, n'kubisa manja kumbuyo, n'kuwabweretsa atafumbata. Ukaloza dzanja limene muli njere, nzeru yako yagwira. Ukaloza lopanda kanthu, zakuvuta.

Usiku umene ndikunenawo, iwe unaumirira kuti Kalulu amunyengerere Fisi ndi mbatata yootcha. Tonse tinakuletsa, koma unakana, ndipo uliuma umenewo sunakuchoke mpaka lero. Unaloza dzanja lamanzere, ndipo munalibe kanthu. Ndikukumbukira milomo yako itayamba kunjenjemera, chifukwa unkaganiza kuti Kalulu wako adyedwa ndipo nthano yathera pa iwe. Amalume anangokhala chete pang'ono, akutong'olabe chimanga, kenako anati Fisi analanda mbatata ija n'kuimeza yonse ili yamoto, ndipo anakuwa mpaka nyama zonse za m'nkhalango zinadzuka n'kuthamangira kuchitsime. Tsopano Kalulu anali ndi vuto lalikulu kuposa loyamba lija, ndipo amalume anatembenukira kwa mchemwali wako n'kumufunsa kuti nanga iweyo ukanatani. Tinagona mochedwa kwambiri tsiku limenelo, mpaka agogo anatuluka ndi nyali kudzatibalalitsa, ndipo amalume anawachonderera kuti atisiye pang'ono Kalulu asanagwidwe. Munthu amene uja sanaonepo dayisi ya mbali 20 moyo wake wonse, koma pamene ndinakhala koyamba patebulo ndi anzanga a kuntchito kuno, ndinazindikira kuti chimene wofotokoza nkhani wathu ankachita ndi chomwecho: wosewera akalephera, nkhani siitha, imangokhota.

Tsono ndibwerere kwa iwe. Ndikuganiza kuti waonera anthu akusewera pa YouTube, akulankhula Chingelezi chothamanga, akusintha mawu ngati a zisudzo, patebulo pali timafano topentedwa bwino, ndipo mumtima wanena kuti zimenezi si za iwe. Funso lako lenileni ndi lakuti kodi ungathe, komanso ungasewere ndi yani ku Lilongwe kumene sunazolowerane ndi anthu. Yankho langa ndi lakuti usagule kanthu pakadali pano, peza anthu atatu, ndipo wofotokoza nkhani ukhale iweyo, m'Chichewa.

Malamulo oyambira a mtundu wachisanu wa masewerawa, umene unatuluka mu 2014, kampani yake inawaika pa intaneti kwaulere, ndipo ndi okwanira kusewera miyezi yambiri. Madayisi alipo a pafoni, nawonso aulere. Foni ikathima, lemba manambala kuyambira 1 mpaka 20 m'zitsekerero za mabotolo, uziike m'chitini, munthu azitola chimodzi osayang'ana, ndipo akatola azibwezera momwemo. Mabuku akuluakulu atatu a malamulo a masewerawa ndi okwera mtengo ndiponso olemera, ndipo munthu woyamba kumene amangosokonezeka nawo. Mukadzasewera kangapo n'kuona kuti anzako akufunsa okha za tsiku lotsatira, pamenepo ndidzakubweretsera kabokosi ka oyamba kumene, kamene mumakhala madayisi, malamulo achidule, anthu okonzedwa kale ndi nkhani imodzi yoti mutsatire.

Tsiku loyamba usakonze dziko lonse. Konza mudzi umodzi, vuto limodzi, monga mwana amene wasowa kuphiri, ndi anthu awiri kapena atatu amene osewera angakumane nawo panjira. Maola awiri... kapena ndinene atatu, chifukwa ola loyamba limathera kufotokoza mapepala. Lamulo likakusokoneza, gamula pomwepo mmene ukuonera, udzawerenge mawa lake.

Ndikubwerezanso, chifukwa ndikudziwa kuti mawa undifunsanso mtengo: chimene ukusowa si buku, ndi anthu atatu ndi kulimba mtima koti uwafunse kuti iwo akanatani. Anyamata awiri amene umachita nawo lendi aja ndi mtsikana wa kukwaya amene umangomutchula mwangozi m'mauthenga ako, akwana kale atatu. Aitane Loweruka madzulo, uwotche mbatata, ndipo nkhani uyambitse ndiwe, monga ankachitira amalume pakhonde paja.

Malamulo aja ndikutumizira usiku uno. Lachisanu ukaweruka undiimbire, undiuze mudzi wako ndi mwana wosowayo, tione limodzi chimene chikuwadikira kuphiriko.