Bwanji Frelimo imalephera kutenga mpando wa meya ku Beira?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene amayendetsa thiraki yonyamula feteleza kuchokera ku doko la Beira. Akuti: "Dziko lonse la Mozambique timamva Frelimo yokhayokha, koma ukalowa mu Beira umangoona mbendera za tambala, ndipo anthu amatchulabe dzina la Simango ngati ali moyo. Kodi mzinda umenewu wakhala ndi mameya ati, ndipo chinachitika n'chiyani kuti chipani cholamula chizigonja pa likulu la chigawo chachikulu ngati Sofala?"

Zikomo achimwene. Tambala mumamuonayo ndi wa chipani chotsutsa boma cha MDM (Movimento Democrático de Moçambique), alibe chibale ndi tambala wina aliyense amene mungamuganizire. Renamo, chipani chimene chinamenyana ndi boma la Frelimo pa nkhondo ya pachiweniweni, chizindikiro chake ndi nkhwali, Frelimo ndi ng'oma ndi chimanga. Mameya osankhidwa ndi anthu ku Beira alipo atatu okha chiyambire: Chivavice Muchangage, Daviz Simango ndi Albano Carige. Mndandanda ndi waufupi chifukwa mpandowo unayamba kuvoteredwa mu 1998, ngakhale mzindawo ndi wakale kwambiri.

Beira inayamba mu 1887 ngati kamsasa ka asilikali a Chipwitikizi m'mbali mwa kamtsinje ka Chiveve, ndipo inapatsidwa ulemu wa mzinda pa 20 Ogasiti 1907. Koma kwa zaka pafupifupi 50 mwini mzinda sanali boma, inali kampani. Companhia de Moçambique inapatsidwa dera lonse la Manica ndi Sofala mu 1891, likulu lake n'kukhala ku Beira, ndipo inkatolera misonkho, kusindikiza ndalama zake ndi masitampa ake mpaka 1942. Kampaniyo itachoka, akulu a khonsolo ankaikidwa ndi boma la atsamunda, ndipo munthu wakuda wa ku Munhava, dera la anthu wamba mumzindamo, analibe chonena. Ngakhale pamenepo mphamvu zenizeni sizinali m'nyumba ya khonsolo. M'zaka za m'ma 1960 munthu amene ankagwedeza Beira anali Jorge Jardim, wamalonda amene anali mwini nyuzipepala ya Notícias da Beira, ndiponso mnzake wa Kamuzu Banda, yemwe ankaimira Malawi mumzindamo. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, Frelimo inathetsa makhonsolo a atsamunda n'kuika makomiti ake, koma njira inali yomweyo: mkulu wa mzinda ankachita kutumizidwa kuchokera kumwamba, ndipo ankayang'ana kumwamba komweko.

Zinthu zinasintha nkhondo ya pachiweniweni itatha ndi mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992. Lamulo la 1997 linakhazikitsa makhonsolo odziyendetsa okha, ndipo mu 1998 mizinda ndi matauni 33 anavota koyamba. Renamo inanyanyala chisankho chimenecho, anthu ambiri anangokhala pakhomo, m'dziko lonse amene anakavota anali ngati 15 pa 100 alionse. Muchangage wa Frelimo anapambana ku Beira, koma taonani amene anamuthamangitsa: Francisco Masquil, yemwe kale anali bwanamkubwa wa Sofala m'boma la Frelimo lomwelo, anaima payekha n'kukokola mavoti ochuluka ndithu popanda chipani chachikulu kumbuyo kwake. Anthu ambiri amayamba nkhani ya Beira ndi Simango, koma ine ndimaiyambira pa Masquil, chifukwa apa m'pamene mzindawu unaonetsa koyamba kuti ungathe kutsata munthu n'kusiya chipani.

Kusagwirizana kwa Sofala ndi Maputo n'kwakale. Afonso Dhlakama, amene anatsogolera Renamo kwa zaka zambiri, anabadwira ku Chibabava, m'chigawo chomwechi. André Matsangaissa, mtsogoleri woyamba wa Renamo, anafera ku Gorongosa mu 1979. Andau ndi Asena, amene ali ochuluka mu Beira, akhala akudandaula kuti doko ndi njanji zimapanga ndalama koma ndalamazo zimakamanga kummwera. Kaya dandaulo limeneli ndi loona pa chilichonse kapena ayi, pa tsiku lovota limagwira ntchito.

Ndiye pali dzina la Simango. Bambo ake a Daviz, m'busa Uria Simango, anali wachiwiri kwa Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa chipani cha Frelimo. Mondlane ataphedwa ndi bomba mu 1969, Uria anakangana ndi Samora Machel ndi Marcelino dos Santos, ndipo anachotsedwa m'chipani. Mu 1974 anabwerera ku Beira n'kuyambitsa chipani chake, koma anagwidwa ali ku Malawi n'kuperekedwa m'manja mwa Frelimo. Anamuonetsa pagulu ku Nachingwea ku Tanzania ngati wogulitsa dziko, kenako anamutumiza kundende ya ku Niassa, komwe iye ndi mkazi wake Celina anaphedwa mwachinsinsi. Mpaka lero manda awo sanasonyezedwe kwa ana awo. Daviz, wobadwa mu 1964, anakulira ku Beira m'manja mwa achibale, n'kukaphunzira uinjiniya wa zomangamanga pa yunivesite yotchedwa dzina la Mondlane yemweyo. Munthu wa ku Beira akamavotera Simango sankangovotera injiniya, ankavoteranso mwana wa Uria.

Mu Novembala 2003 Renamo inalowa chisankho cha makhonsolo, n'kupeza mameya asanu: Beira, Nacala, Angoche, Ilha de Moçambique ndi Marromeu. Pa asanuwo, Simango ndi amene anamveka kwambiri, ndipo osati chifukwa cha zoyankhula pamisonkhano. Ntchito ya meya ku Mozambique ndi ya pansi: zinyalala, misika, misewu ya m'makwalala, manda, ngalande, malo omangapo nyumba. Doko limene mumakwezako katundu si lake, limayendetsedwa ndi kampani ya Cornelder pamodzi ndi CFM, kampani ya boma ya njanji ndi madoko. Msewu waukulu wa N6, wochokera ku Beira kulowera ku Zimbabwe, si wake, apolisi a pamsewu amene amakuimitsani si ake. Ndalama zake zimachokera ku misonkho ya m'misika ndi ya nyumba, ku ndalama ya zinyalala imene imadulidwa munthu akamagula magetsi, ndi ku thumba limene Maputo amatumiza. Ndiye meya wa chipani chotsutsa amakhala ndi mpeni waufupi. Simango anaugwiritsa ntchito pomwe unkafika: kuchotsa milu ya zinyalala imene inali itazolowereka, kufukula ngalande zotsekeka, kukwirira maenje a m'misewu. Mu mzinda wa chigwa ngati Beira, umene mbali zina zili pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja, mayi wa ku Munhava safuna kuuzidwa ndi wailesi ngati meya akugwira ntchito. Mvula ikagwa usiku, m'mawa amaona yekha ngati madzi alowa m'nyumba kapena adutsa.

Chaka chimene chimayankha funso lanu kwenikweni ndi 2008. Chisankho chitayandikira, Dhlakama anachotsa dzina la Simango n'kuika Manuel Pereira kuti ndiye aimire Renamo. Ena m'chipanimo ankamunena Simango kuti amalemba ntchito abale ake ndipo saganizira anzake a chipani; ambiri kunja ankaona kuti vuto lenileni linali lakuti mwana wayamba kutchuka kuposa mwini khomo. Anthu a Renamo okhaokha anakhamukira m'misewu ya Beira kukana ganizolo. Simango anaima payekha, chipani chinamuchotsa, ndipo pa 19 Novembala anapeza mavoti ngati 62 pa 100 alionse. Lourenço Bulha wa Frelimo anabwera wachiwiri, Pereira anatsalira kutali kwambiri moti zinali zochititsa manyazi. Pa chisankho chimenecho Frelimo inatenga mameya 42 pa 43. Wotsala mmodziyo anali wa Beira, munthu wopanda chipani, amene anakalamulira ndi khonsolo yodzaza anthu a Frelimo ndi a Renamo.

Mwa kuona kwanga, Renamo inataya Beira tsiku limenelo ndipo sinaipezenso. Mu Malichi 2009 Simango anakhazikitsa MDM mu Beira momwemo. Mu 2013 Renamo inanyanyalanso, iye anapambana ndi mavoti ngati 70 pa 100, chipani chake n'kutenganso Quelimane, Nampula ndi Gurué. Imeneyo ndiyo inali nthawi ya kukoma kwa tambala.

Sikuti Simango anali mngelo. Mkati mwa MDM munali madandaulo akuti chipani chasanduka cha pabanja, popeza mkulu wake Lutero ndiye ankatsogolera aphungu ake kunyumba ya malamulo. Meya wa Nampula, Mahamudo Amurane, anayambana naye poyera asanawomberedwe pa 4 Okutobala 2017. Manuel de Araújo, meya wa Quelimane, anabwerera ku Renamo mu 2018, ndipo Venâncio Mondlane, wandale wodziwika wa MDM ku Maputo, nayenso anachoka chaka chomwecho. Simango anapikisana nawo pa upulezidenti katatu, mu 2009, 2014 ndi 2019, ndipo ulendo uliwonse mavoti ankacheperachepera, kuchoka pa pafupifupi 9 pa 100 kufika pa 4. Anali meya wamphamvu, koma kumanga chipani cha dziko lonse kunamukanika.

Boma nalo silinangokhala manja lende. Mu Beira momwemo muli mkulu wa boma woikidwa ndi Maputo, pambali pa meya wosankhidwa, ndipo kukokanakokana pa za malo ndi nyumba za maofesi sikunathe. Khonsolo nayo inkabwezera: inatcha bwalo lina la pamphambano ku Munhava dzina la André Matsangaissa, munthu amene Frelimo inkamuona ngati chigawenga. Kenako mu 2018 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa. Tsopano anthu savoteranso meya payekha. Amavotera mndandanda wa chipani kapena wa gulu la nzika, ndipo amene ali pamwamba pa mndandanda wopambana ndiye amakhala meya. Kusinthaku kunachokera pa zokambirana za pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi ndi Dhlakama, atsogoleri a zipani ziwiri zimene Beira inazikana mu 2008, ndipo kunabwezera mphamvu m'manja mwa akuluakulu a zipani. Pa chisankho cha pa 10 Okutobala 2018 MDM inataya mizinda ina yonse, Simango anasunga Beira koma ndi mavoti osafika theka.

Patangopita miyezi isanu kunabwera Idai. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondweyo anatera pa Beira penipeni. Madenga anauluka, mitengo ndi mapolo a magetsi zinagona m'misewu, mafoni anazima, msewu wa N6 unaduka, ndipo mzinda wa anthu oposa 500,000 unakhala masiku angapo osafikika pamtunda. A Red Cross anati pafupifupi 90 pa 100 ya mzindawo inaonongeka mwanjira ina. M'dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira, ndipo kolera inatsatira. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mkati mwa mzinda chinaononga kwambiri ndi mphepo, madzi osefukira anapha kwambiri kumidzi ya m'mbali mwa mitsinje ya Búzi ndi Púnguè. Ngalande zazikulu za mumzinda, makilomita ngati 11, zinali zitangokonzedwa kumene ndi ndalama za World Bank, ndipo kamtsinje ka Chiveve, kamene kanatsekeka kwa zaka zambiri n'kusanduka dzala lonunkha, kanali katatsegulidwanso ndi thandizo la Germany, n'kuikidwa zitseko zotsekera madzi a m'nyanja akakwera. Ntchito zimenezi ndalama zake zinadzera ku boma la Maputo, ndiye Frelimo nayo imati ndi zake. Zoona zake n'zakuti onse anaikapo dzanja, koma amene ankalankhula za madzi chaka ndi chaka, amene anakhala pansi ndi akatswiri a ku Netherlands kulemba pulani ya mzinda yofika 2035, anali meya. Pa msonkhano wa opereka thandizo umene unachitikira mu Beira kumapeto kwa Meyi chaka chomwecho, analonjeza madola 1.2 biliyoni pomwe zofunika zinali 3.2 biliyoni.

Simango sanaone mapeto a ntchito yomanganso mzindawo. Namondwe wina, Eloise, anaombanso mu Januwale 2021, ndipo patangopita milungu yochepa meya anadwala n'kutengedwa pa ndege kupita ku South Africa, komwe anamwalira pa 22 Febuluwale ali ndi zaka 57, pa mavuto okhudzana ndi Covid-19 ndi matenda a shuga. Anali atakhala pampando zaka zoposa 17. Mpando unapita kwa Albano Carige, amene ankayang'anira zomangamanga m'khonsolo yomweyo, ndipo chipani chinatsala m'manja mwa Lutero.

Ambiri ankati mwini wake wapita, tambala wathera pomwepo. Chisankho cha pa 11 Okutobala 2023 chinawatsutsa. Bungwe loyendetsa zisankho linalengeza kuti Frelimo yapambana m'makhonsolo 64 pa 65, zotsatira zimene zinabutsa zionetsero m'mizinda ingapo, ndipo pambuyo pake khoti loona za malamulo a dziko linabwezera Renamo makhonsolo anayi, kuphatikizapo Quelimane. Koma ngakhale pa chilengezo choyambacho, Beira inali ya MDM, Carige atapeza mavoti oposa theka, kuposa amene Simango anapeza mu 2018. Mbali ina ndi chifundo cha maliro, sindikana. Mbali ina ndi chizolowezi chimene anthu a mumzindawu anaphunzira: akavota sabwerera kunyumba, amakhala panja pa sukulu mpaka mavoti awerengedwe ndipo pepala la zotsatira likhomedwe pakhomo.

Chinthu chimodzi chimene chingakusokonezeni mukamamva nkhani pa wailesi muli pa mzere wa ku doko: meya wa Beira ndi bwanamkubwa wa Sofala ndi anthu awiri osiyana, ngakhale maofesi awo ali mumzinda umodzi. Kuyambira 2019 abwanamkubwa nawo amachokera pa chisankho, ndipo woyamba kulowa mwa njira imeneyi ku Sofala, mu Januwale 2020, anali Lourenço Bulha, yemwe uja anagonja kwa Simango mu 2008. Pamwamba pa awiriwa pulezidenti amaikanso nthumwi yakeyake m'chigawo. Chisankho china cha makhonsolo chikuyembekezeka mu 2028.