Mwana akufuna kukuza kanyumba kake ka LEGO koma zikumangogwa, atani?

Mayi wina anditumizira imelo, akuti anagulira mwana wawo wa zaka 9 seti ya LEGO (tinjerwa tapulasitiki tosewerera tomwe timalumikizana) ya kanyumba, mwanayo wamanga motsatira kabuku mpaka tsamba lomaliza, pano akufuna awonjezere chipinda chapamwamba ndi garaja ya kagalimoto kake, koma zowonjezerazo zikumangogwa ndipo makala (mitundu) a tinjerwa ta m'maseti akale sakugwirizana ndi kanyumbako. Nde akufunsa kuti agule seti ina yaikulu kapena angomata ndi guluu basi?

Mayi, guluu ayi chonde. Tinjerwa timeneti timagwirana tokha chifukwa cha timachubu tomwe tili kunsi kwake, timitu tozungulira tapamwamba tija, omanga amati ma stud, timapanikizika pakati pa timachubuto ndi m'mbali mwa kanjerwa kapamwambako. Kampani ya LEGO, ya ku Billund ku Denmark, inalembetsa kapangidwe kameneka mu 1958 ndipo kanjerwa ka nthawi imeneyo kamalowabe bwinobwino pa kanjerwa kogulidwa lero. Mukamata ndekuti mwanayo sadzaphwasulanso, pomwe kuphwasula ndi kumanganso ndi kumene kukumusangalatsa panopa. Seti yaikulu nayonso dikirani kaye, vuto lomwe mwafotokozali silikuchokera ku kuchepa kwa zipangizo.

Ana ambiri akasiya kabuku amayamba kusanjikiza tinjerwa tofanana kamodzi pamwamba pa kanzake molunjika, mapeto ake khoma limakhala timizati toima patokhapatokha, kungolikhudza lagawanika. Muuzeni ayale ngati mmene amisiri amayalira njerwa pakhoma la nyumba yeniyeni, kanjerwa kapamwamba kazitseka mpata wa tiwiri tapansi, ndipo pakona tizipingasana, mzere uwu kalowe chakuno mzere winawo chauko. Akafika pamwamba adutsitse tinjerwa topyapyala totalika tija, ma plate, kuti timange makoma onse anayi pamodzi. Garaja isangogundizidwa pambali, achotse tinjerwa tingapo pakhoma la kanyumbako kuti khoma la garaja lilowerere mkati, komanso zonse ziwiri zikhale pa plate imodzi yapansi, apo ayi ma plate awiriwo alumikizidwe ndi ena odutsa pampata.

Palinso kamasamu kakang'ono komwe ndimafuna mwana aliyense womanga atakadziwa chifukwa kamathetsa mavuto ambiri zedi. Kuchoka pakati pa stud imodzi kufika pakati pa inzake ndi mamilimita 8. Kanjerwa wamba ndi kotalika mamilimita 9.6 osawerengera stud, plate ndi 3.2, nde ma plate atatu osanjikiza amafanana ndendende ndi kanjerwa kamodzi. Khoma lina likapitirira linzake pang'ono denga nkumakana kukhala, kawirikawiri ndi plate imodzi kapena awiri omwe asowa kwinakwake, awerenge mizere mbali zonse aipeza. Chinanso, ma plate asanu osanjikiza ndi mamilimita 16, chimodzimodzi ndi ma stud awiri m'lifupi, nchifukwa chake zimatheka kumanga chammbali pogwiritsa ntchito tinjerwa tokhala ndi stud m'mbali muja, kuikapo chikwangwani, nyale kapena kakhonde zinthu nkukwanirana bwinobwino opanda mpata.

Za chipinda chapamwambazo, njira yomwe ine ndimaikonda ndi yomwe LEGO imagwiritsa ntchito pa nyumba zake zikuluzikulu zotchedwa Modular Buildings zomwe zinayamba mu 2007. Pamwamba pa makoma a chipinda chapansi amayala tinjerwa tosalala topanda stud, ma tile, nkungosiya ma stud ochepa, mwina imodzi pakona iliyonse. Chipinda chapamwamba chimamangidwa pachokha pa plate yake kenako nkuchikhazika pamenepo. Chimagwira mokwanira moti sichitsetsereka, koma mwana akafuna kusewera ndi tianthu take m'chipinda chapansi amangochinyamula ndi manja awiri chonse nkuzuka osaphwasuka. Mwana akangoona zimenezi koyamba amafuna nsanjika yachitatu pompo.

Makala asakudetseni nkhawa kwambiri. Tinjerwa ta makala osagwirizana tipite kosaoneka, pansi pa denga, mkati mwa maziko, kuseli. Kapena asakanize dala makala awiri oyandikana kuti khoma lioneke lakalekale. Chomwe chimasokoneza anthu ambiri ndi kala yotuwa, cha mu 2004 LEGO inasintha yotuwa yakale nkubweretsa ina yopita ku buluu pang'ono, nde mukaika yakale ndi yatsopano pamodzi kusiyana kumaoneka ndithu, ameneyo si mwana walakwitsa ayi. Dzuwa nalonso limasandutsa tinjerwa toyera kukhala tachikasu, kanyumbako kasakhale pawindo.

Zikapezeka kuti zipangizo zachepadi, gulani zokhazo zomwe zikusowa. LEGO ili ndi Pick a Brick komwe munthu amasankha kanjerwa kamodzikamodzi, palinso BrickLink, msika wa pa intaneti womwe unayamba mu 2000 ndipo LEGO inaugula mu 2019, kumeneko anthu amagulitsa zatsopano ndi zakale zomwe. Ali ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa Studio, mwana amamanga kaye pa sikirini kenako imamupatsa mndandanda wa tinjerwa tofunika. Koma musanatulutse ndalama, onani nambala ya seti pabokosi muilembe pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Rebrickable, mukapeza zinthu zina zomwe anthu anamanga ndi zipangizo za seti yomweyo, zina malangizo ake ndi aulere zina ndi ogula. Ngati muli ndi Duplo, LEGO wa njerwa zikuluzikulu wa ana aang'ono uja, wa nthawi yomwe anali wamng'ono musataye, tinjerwa ta 2x2 ndi 2x4 (manambalawa ndi a ma stud m'lifupi ndi m'litali) timakhala bwino pamwamba pa Duplo, nde ndi wabwino kudzazira kaphiri kapena maziko okwera mwachangu.

Posunga, asiyanitse potengera kaumbidwe osati kala, kupeza kanjerwa kofiira pagulu la ma 1x2 okhaokha nkosavuta kusiyana ndi kufufuza 1x2 m'bokosi lofiira lokhalokha. Pophwasula agwiritse ntchito kochotsera ka olenji kamene kamabwera m'maseti akuluakulu kaja, osati mano. Ndipo ngati m'nyumbamo muli kamwana kosakwana zaka 3, tizidutswa ting'onoting'onoti tisakhale pansi, kangathe kumeza.

Poyambira pake, jambulani kanyumbako mbali zonse ndi foni, kabuku musunge pabwino kuti mwanayo adziwe kuti akhoza kubwerera pomwe anayambira nthawi iliyonse, kenako achotse denga lokha, alimbitse makoma ndi ma plate, ayale ma tile, ayambe ndi chipinda chapamwambacho. Garaja ibwere pambuyo chifukwa imafuna kugumula khoma. Inu mukhale naye pafupi muzimuthandiza kusaka tinjerwa, koma manja omanga akhale ake.