Musamudumphe Viotti, mchemwali

Kalata ya sabata ino yandikhudza pabala. Mtsikana wina wophunzira vayolini akuti aphunzitsi ake amupatsa Concerto (nyimbo ya vayolini mmodzi woperekezedwa ndi gulu la zoimbira) nambala 22 ya Viotti pamene mtima wake uli pa ya Mendelssohn, wolemba nyimbo wa ku Germany. Anzake amuuza kuti ya Viotti ndi ya ana asukulu, ndiye akufunsa ngati angaidumphe.

Mchemwali, mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa. Ndinaimba nyimbo yomweyi pamayeso, ndipo ndisanafike ndi pakati pomwe bambo woyesayo anagogoda pensulo patebulo, amvekere zophunzitsira zala ngati zimenezi anatopa nazo. Ndinatuluka miyendo ili zii. Ndinali nditavutika nayo kwambiri mizere yoyamba ija ya mu A minor, aphunzitsi anga, mayi wachikulire, atandigwira chigongono kuti uta wokhwekhwezera zingwe usathamange, phewa mpaka kuphwanya. Ankafuna kuti chingwe chiimbe ngati munthu wopuma bwino. Mpaka lero ndikakumbuka kulira kwa pensulo ija mtima umandiwawa.

Bambo uja analakwa, ndipo anzanuwo akulakwanso. Giovanni Battista Viotti, wobadwira ku Fontanetto Po ku Italy mu 1755, wophunzira wa katswiri wa vayolini Pugnani ku Turin, ndi amene anagwedeza Paris mu 1782 mpaka kukaimbira Marie Antoinette, mfumukazi ya ku France. Analemba maconcerto a vayolini 29. Mwa akatswiri a vayolini a ku France, Rode anali wophunzira wake, Kreutzer ndi Baillot anatengera kaimbidwe kake, ndipo mabuku a Kreutzer ndi Rode omwe mukulimbana nawo tsiku ndi tsikuwo anachokera mumtsinje womwewo. Brahms, wolemba nyimbo wotchuka, ankaikonda kwambiri nambala 22 imeneyi, katswiri wa vayolini Joachim anailembera cadenza, kagawo komwe woimba vayolini amaonetsa luso ali yekha. Kodi anthu amenewa sankadziwa nyimbo?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi moyo wa munthuyu. Anathawa chipwirikiti cha ku France mu 1792 n'kupita ku London, komwe analemba nyimboyi. Mu 1798 Angerezi anamuthamangitsa pomuganizira kuti akugwirizana ndi oukira a ku France, ndipo anakakhala kufupi ndi Hamburg ku Germany. Atabwerera anayamba malonda a vinyo, malondawo anagwa, ndipo anamwalira ku London mu 1824 ali ndi ngongole. Anamutaya ali moyo, ife tikumutayanso lero pomusandutsa makwerero opitira kwa ena. Ayi, zimenezo ine sindivomera.

Tsono mutani?

Imverani aphunzitsi anu. Yambani ndi gawo lachiwiri, la pang'onopang'ono lija la mu E major, uta wonse kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, musanakhudze zothamanga za gawo lomaliza. Ngati nambala 22 ikukulemerani, apempheni nambala 23 ya mu G major, ndi yofewerapo. Mendelssohn mudzamupeza chaka chamawa dzanja lamanja litakhwima.