Galimoto likatseka njira ya njinga pa M1

Achimwene, mwafunsa kuti wanjinga atani akapeza galimoto laima kuseri kwa mzere wachikasu, momwe timadutsa ife, makamaka pa M1 pano pa Kasungu boma. Ndapalasa kabaza zaka zambiri, ndipo nkhaniyi imandiwawa.

Musakhotere kumanja mwadzidzidzi. Chepetsani liwiro, cheukani, tambasulani dzanja lamanja kuti wakumbuyo adziwe kuti mukulowa mumsewu. Ngati kukubwera lole ya fodya kapena basi ya ku Mzuzu, imani ndithu idutse kaye. Pozemba galimoto loimalo siyani mpata, chifukwa chitseko chimatseguka mosayembekezera. Mnzanga wina anathyoka phewa motero, kasitomala ali pakaliyala.

Malamulo amatiwerengera pamodzi ndi oyendetsa ena: timayenda kumanzere, kulowera komwe magalimoto akulowera. Oyenda pansi ndiwo amayenda kumanja moyang'anizana ndi magalimoto. Ambiri amasokoneza pamenepa. Usiku pakhale nyale kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo.

Za maminibasi oima paliponse pokweza anthu, mukadandaula nokha sizimveka. Pitani ngati gulu la akabaza kwa apolisi apamsewu ndi ku khonsolo, mutatenga zithunzi ndi manambala a magalimotowo.