Eid kukhala holide m'chigawo chimodzi chokha

Achimwene, mwafunsa ngati zimatheka kuti Eid ikhale holide mbali imodzi ya dziko kwinako anthu ali pantchito. Eya zimatheka ndithu, makamaka m'maiko omwe zigawo zili ndi mphamvu zoikira okha masiku a tchuthi. Ku Russia kuno kwa anthu ambiri Eid ndi tsiku wamba, koma m'zigawo za Tatarstan, Bashkortostan, Chechnya ndi Dagestan komwe Asilamu ndi ochuluka maofesi amatseka, kumeneko Eid yotseka Ramadan (Eid al-Fitr) amati Uraza Bayram, Eid ya nsembe (Eid al-Adha) amati Kurban Bayram. Ku Spain nakonso mizinda ya Ceuta ndi Melilla inayamba kupumula pa Eid al-Adha mu 2010 pomwe ku Madrid ntchito imayenda ngati kale.

Chovuta chake ndi deti, kalendala ya Chisilamu imatsata mwezi, chaka chimakhala masiku 354 kapena 355 ndiye Eid imabwerera mmbuyo pafupifupi masiku 11 chaka chilichonse, ena amadikiranso kuti mwezi uoneke kaye ndiye boma limalengeza mochedwa. Komabe ine ndimaona kuti kupereka holide imeneyi nkwabwino zedi, munthu wasala mwezi wonse wa Ramadan asamachite kukapempha bwana kuti akaswali ndi banja lake.