Mwana wobadwira ku Joni musamuyambitse ndi Nthondo

Achemwali, mwati mwana wanu wa zaka 9, wobadwira konkuno ku Joni, Chichewa amamva koma kuwerenga amadziwa Chingerezi chokha, ndiye mukufunsa mabuku akumudzi oti mumuitanitsire, makamaka aja tinkawakonda kusukulu. Anzathu ena akutchulirani kale Nthondo komanso Sikusinja ndi Gwenembe. Mabukuwo ndi abwino kwambiri, muwagule ndithu, koma musamusiyire mwanayo kuti aziwerenga yekha panopa. Analembera anthu amene Chichewa chili pakamwa tsiku lonse. Mwana wa ku Rosettenville kapena ku Yeoville, amene amachimvera kukhitchini kokha, akakumana ndi mphala, gowelo, nkhokwe ndi chikuta pa tsamba limodzi, afooka asanafike patali, n'kunena kuti Chichewa n'chovuta. Akangotero, kumubweza ndi ntchito yaikulu.

Yambani ndi malembo. Kwa mwana wodziwa kale kuwerenga, sabata ziwiri zikwana. Malembo a liwu alipo asanu okha, a e i o u, ndipo satembenukatembenuka ngati a m'Chingerezi, choncho maphatikizo monga ba be bi bo bu awagwira tsiku lomwelo. Popunthwira ndi pena. Ph amamuwerenga ngati f, phala n'kusanduka fala. Th amamutchula ataluma lilime, pomwe mu thobwa ndi t wotuluka ndi mpweya basi. Muuzeni aike chikhatho patsogolo pa kamwa, anene pala, kenako phala, amve yekha mpweyawo. Ngati kusukulu amaphunzira isiZulu apa savutika, chifukwa ph, th ndi kh kumeneko amazitchula chimodzimodzi. Kenako kachizindikiro ka pa ng': ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya kutchire. Mawiriwa mulembereni papepala, muwamate pafiriji.

Pali msampha wina umene makolo ambiri sauona. Mabuku osindikizidwa kalekale, ndiponso ochokera ku Zambia, amalemba c pamene ife timalemba ch: cimanga, cakudya. Mwana wophunzira isiZulu c ameneyo amutchula moliza lilime, mawu onse n'kusokonekera. Mupezamonso ndiri ndi ziri pamene lero timalemba ndili ndi zili. Chilankhulochi chinkatchedwa Chinyanja mpaka 1968, ndipo malamulo a kalembedwe anakonzedwa mu 1973 n'kudzakonzedwanso pambuyo pake. Ndiye posankha buku la mwana, yang'anani chaka chimene analisindikiza, mutenge latsopano.

Malembo akakhazikika, pitani pa tinkhani tifupitifupi. African Storybook, ya bungwe la Saide la mu Johannesburg momwemuno, ili ndi timabuku ta zithunzi taulere pa intaneti, ta Chichewa tilimo, ndipo anatiika m'magawo kuyambira 1 mpaka 5. Yambani pa gawo 2 ngakhale mwanayo aone ngati n'zachibwana. Tsitsani, mukasindikize papepala, chifukwa pafoni mauthenga akangolowa maganizo ake apita. Muziwerenga mphindi 15 madzulo aliwonse, osati ola lathunthu Loweruka lokha. Inu muwerenge tsamba mokweza, iye abwereze tsamba lomwelo. Musamukonze mawu opitirira atatu pa tsamba, ndipo musamamasulire chiganizo chilichonse m'Chingerezi, chifukwa azolowera kudikira Chingerezicho osamvetsera Chichewa. Akapeza mawu asanu osawadziwa pa tsamba limodzi, bukulo lamukulira, bwererani gawo lapansi.

Tsono mabuku akale aja alowe kudzera m'khutu, inuyo mukumuwerengera. Loyamba likhale Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, la 1965. Msana wake ndi nthano: abale awiri apita kutali kukagwira ntchito, wina wakhama wina waulesi, pobwerera waulesiyo apha mbale wake chifukwa cha chuma, ndipo mbalame ndi imene ikuulula ndi nyimbo. Nyimbo yobwerezabwerezayo ndi imene imagwira mwana, pofika kachitatu amakhala akuimba nanu. Ndiponso mwana wa kuno nkhani ya munthu wochoka kwawo kukasaka ndalama amaidziwa, amaiona kwa amalume ake ndi kwa inu nomwe, moti mafunso amene angakufunseni adzakhala akuya kuposa a mwana wa kumudzi. Muli imfa m'menemo, choncho muwerengereni masana Lamlungu, osati pokagona. Mutu umodzi patsiku, ndipo muime pamene nkhani yafika pokoma.

Nthondo la Samuel Josiah Nthara ndi la 1933. Linapambana mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa, ndipo Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 n'kulitcha Man of Africa. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa, kupulupudza kwa paunyamata, ulendo wokagwira ntchito kunja, mpaka kutembenuka mtima ndi kukhala mfumu. Kwa ine palibe buku lina limene limaonetsa moyo wa m'mudzi wa Achewa a nthawi imeneyo momveka chonchi, ngakhale kumapeto kwake fungo la kumishoni limamveka kwambiri. Limayenda pang'onopang'ono, ndiye lisungeni mpaka afike zaka 13 kapena 14. Kukula ndi Mwambo, lomwenso ndi la Gwengwe, si lowerenga kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Muzisankha mutu, muyambe mwauwerenga nokha, muone ngati ukuyenerana ndi msinkhu wake. Njala Bwana la Willie Zingani Chichewa chake chili pafupi ndi chimene timalankhula lero, ndiye lingakhale loyamba kuwerenga yekha akalimba.

Chingerezi musachiyese mdani. Mwana wokonda buku m'chilankhulo chimodzi savuta kukokera ku chinzake. Mulembetseni ku laibulale ya mzinda, kaya yaikulu ya pa Beyers Naudé Square kapena nthambi ya kufupi ndi kwanu, mutanyamula chiphaso chanu ndi umboni wa kumene mumakhala. Akafika sekondale mumupezere I Will Try la Legson Kayira, la 1965, nkhani yoona ya mnyamata wa kumpoto amene anayenda wapansi mpaka ku Sudan pofuna maphunziro. Things Fall Apart la Chinua Achebe liliponso m'Chichewa, Benedicto Wokomaatani Malunga analitcha Chipasupasu. Mukapeza onse awiri, awerenge mutu m'Chingerezi kenako mutu womwewo m'Chichewa.

Pogula kumudzi, wachibale ayambire ku CLAIM Mabuku ku Blantyre kapena ku Lilongwe, akasowa ndiye apite kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Asanalipire akujambulireni chikuto, tsamba la chaka ndi tsamba lomaliza, chifukwa ena ndi a fotokope, masamba osoweka ndipo zilembo zofufutika. Popakira awakulunge m'majumbo awiri, awaike pakati pa zovala, kutali ndi usipa ndi mafuta ophikira. Ulendo wa basi wodzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge ndi wa masiku awiri, ndipo nyengo ya mvula katundu wa m'ngolo amanyowa. Akafika pa Park Station, akuteni ndi pulasitiki tsiku lomwelo, ndipo lobwereketsa lililonse muzilemba dzina la wobwereka ndi tsiku.