Yankho: disk ya 500 GB kuwoneka ngati 465

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake pulogalamu yanu ikuwonetsa 465 GB pa disk ya 500 GB. Disk yanuyo ili bwinobwino, nkhani ili pa kagawidwe. Opanga ma disk amawerenga kilo ngati 1000, pomwe code yanu ikugawa ndi 1024 kenako n'kulemba GB. Mukagawa ndi 1024, lembani KiB, MiB, GiB, mayina omwe IEC, bungwe la padziko lonse loika miyezo ya zamagetsi, inakhazikitsa mu 1998. Mukafuna GB, gawani ndi 1000. Windows nayo imasakaniza, imagawa ndi 1024 n'kulemba GB, koma chonde musatengere.

Samalaninso apa: mabayiti 999,960 mukawagawa ndi 1000 n'kusiya decimal imodzi amatuluka 1000.0 kB. Yambani mwachita round, ndipo nambala ikafika 1000 ikwezeni ikhale 1.0 MB. Ineyo kavuto kameneka kanandidyera tsiku lathunthu.